Kodi Tiothe Moto wa Nyumba ya Mnzathu?

Mnzanga wacinyamata, tayerekezani kuti ndi usiku wa mwezi wa June, mphepo ili kulowa m'mafupa, ndipo nyumba ya anansi anu yagwira moto. Anthu ali piringupiringu, ena athamanga ndi zidebe za madzi, ena ali kukuwa. Koma capatali pang'ono paima munthu mmodzi, manja atatambasula, ali kuotha. Mukamfunsa, iye akuti, "Moto umenewu sindinayatse ndine. Nanga mufuna kutentha konseku kupite pacabe?"

Kodi munthu ameneyu walakwa? Sanabe kanthu ndipo sanamenye munthu. Lamulo la boma silingamgwire. Komabe mtima wanu ukana kumuchula munthu wabwino. Cifukwa ninji?

Funso limeneli si la m'nthano cabe. Maiko akuluakulu a dziko lapansi ali kuliyankha lero, osati ndi pakamwa koma ndi zombo, migodi ndi asilikali. Nyumba imene ili kupsa ndiyo dziko lomwe tonse tikhalamo, ndipo pamene motowo uonekera bwino ndi kumalo kozizira koposa konse.

Cimene cili kucitika ku nsonga za dziko

Dziko lapansi lili ndi nsonga ziwiri zozizira. Kumpoto kuli Arctic, nyanja yokutidwa ndi madzi oundana, amene ambirife tingoti ayisi, ndipo yazunguliridwa ndi maiko. Kumwera kuli Antarctica, mtunda waukulu wokwiririka pansi pa ayisi. Anthu akatentha malasha a m'migodi, mafuta ndi gasi, mpweya wa carbon dioxide ukwera kumwamba ndi kufunditsa dziko ngati bulangete, kotero kuti kutentha kwa dzuwa sikubwerera konse kumene kunacokera.

Ku Arctic kutentha kukwera msanga kuposa kwina kulikonse. Cifukwa cake mucidziwa kale ngati munavalapo malaya akuda m'mwezi wa October. Ayisi ndi woyera, abweza kuwala kwa dzuwa. Akasungunuka, paoneka madzi akuda a m'nyanja amene amwa kutenthako, ndipo madzi ofundawo asungunula ayisi wina. Makina a m'mlengalenga anayamba kuyeza ayisi ameneyu mu 1979. M'zaka za m'ma 1980, pakutha kwa nyengo yotentha m'mwezi wa September, ayisi wotsala panyanjapo anali kukuta malo pafupifupi masikweya kilomita 7 miliyoni. Mu September 2012 anatsala 3.4 miliyoni cabe. Malo amene anavundukuka aposa Zambia yathu yonse kanayi.

Apa pali cinthu cimodzi cofunika kucimvetsa. Ikani ayisi m'kapu ya madzi, lembani pamene madziwo afika, ndipo dikirani asungunuke. Mudzaona kuti madzi sanakwere, pakuti ayisi woyandama anatenga kale malo ake. Cokweza nyanja ndi ayisi wokhala pamtunda, wa ku Greenland, wa ku Antarctica ndi wa m'mapiri, amene madzi ake athirira m'nyanja kucokera kunja. Ndiponso madzi akafunda atutuma. Kuyambira mu 2002, Greenland yataya ayisi woposa matani 200 biliyoni pa caka tikagawa mofanana zaka zonsezo. Ayisi wake yense atasungunuka, nyanja zingakwere mamita 7. Zimenezo zingatenge zaka mazanamazana, koma kuyambira mu 1900 nyanja zakwera kale pafupifupi masentimita 20. Sizifika ngakhale pa rula ya kusukulu, koma kwa munthu wokhala pamalo athyathyathya m'mphepete mwa nyanja, masentimita amenewo ndiwo asiyanitsa namondwe wothera pabwalo ndi namondwe wolowa m'nyumba.

Amene ali kuotha

Mwina muganiza kuti maiko onse anamva nkhaniyi ndi cisoni. Ena anaimva ngati kutseguka kwa sitolo.

Mu August 2007, gulu la anthu a ku Russia lotsogozedwa ndi Artur Chilingarov linamira ndi tizombo tiwiri toyenda pansi pa madzi kufika pansi penipeni pa nyanja, mamita oposa 4,000, pa nsonga ya kumpoto ya dziko. Kumeneko linazika mbendera ya dziko lao. Nduna ya za kunja ya Canada inadandaula kuti nthawi yozika mbendera ndi kulanda malo inapita kale. Koma caka cotsatira, mu 2008, bungwe la boma la America lofufuza za miyala linalengeza kuti mwina 13 peresenti ya mafuta ndi 30 peresenti ya gasi zimene anthu sanazipezebe zili ku Arctic. Ayisi ndiye anali loko pa citseko ca cuma cimeneci.

Palinso njira. Combo cocoka ku Rotterdam kupita ku Yokohama cidzera ku ngalande ya Suez. Cikadzera kumpoto kwa Russia, ulendowo ufupika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, kapena kuposa. Mu 2017 combo conyamula gasi cochedwa Christophe de Margerie cinapita njira imeneyi kucoka ku Norway kufika ku South Korea popanda combo cina cophwanya ayisi patsogolo pake.

Pamene pagona cuma sipacedwa kufika mfuti. Russia yatsegulanso misasa ya asilikali imene inasiyidwa m'zisumbu za kumpoto, ndipo ndi dziko lokha lokhala ndi zombo zophwanya ayisi zoyendera mphamvu ya nyukiliya. China, ngakhale ili kutali, mu 2018 inadzichula dziko loyandikana ndi Arctic. Mu 2019, ndiponso mu 2025, Pulezidenti Donald Trump wa America ananena poyera kuti afuna dziko lake litenge Greenland, cisumbu cokhala ndi miyala ya mtengo wapatali ndi anthu pafupifupi 57,000, ambiri a iwo a mtundu wa Inuit. Atsogoleri a Greenland ndi a Denmark anayankha kuti dzikolo silili pa malonda. Bungwe la Arctic Council, limene maiko 8 a kumpoto anakhazikitsa mu 1996 kuti azikambirana mwamtendere, linagwedezeka mu 2022 pamene maiko 7 anaimitsa kugwira nchito ndi Russia cifukwa ca nkhondo ya ku Ukraine. Finland inalowa m'gwirizano wa asilikali wa NATO mu 2023, Sweden mu 2024.

Amene ali kupsa

Tsopano tembenukani muone mbali ina ya moto womwewo. Pakati pa nyanja ya Pacific pali dziko la Tuvalu, la anthu pafupifupi 11,000, ndipo malo ake okwera koposa safika mamita 5 pamwamba pa nyanja. Madzi a mcere alowa m'zitsime ndi m'minda. Mu 2021 nduna yao Simon Kofe inalankhula ku msonkhano wa maiko wa zanyengo itaima m'nyanja, itavala suti, madzi ali m'mabondo. Mu 2023 Tuvalu inapangana ndi Australia kuti anthu 280 pa caka azisamukira kumeneko. Pamene kalembera woyamba anatsegulidwa mu 2025, analembetsa anthu oposa 8,000. Panganolo lili ndi mtengo wake: Tuvalu iyenera kugwirizana ndi Australia isanapangane za citetezo ndi dziko lina. Ndipo Australia ili m'gulu la maiko ogulitsa malasha oculuka koposa pa dziko lonse.

Dziko la Kiribati linagula malo ku Fiji mu 2014 poopa za m'tsogolo. Ku Alaska, anthu a m'mudzi wa Shishmaref anavota mu 2016 kuti asamuke, cifukwa ayisi amene anali kuchinga gombe lao ku mafunde acedwa kuundana, ndipo nthaka ili kugumuka. Ku Bangladesh, dziko la anthu oposa 170 miliyoni, mcere uononga minda ya mpunga ya m'mphepete mwa nyanja, ndipo mabanja athawira ku Dhaka, mzinda wodzala kale.

Taganizani cimene cicitika anthu mamiliyoni akasowa pokhala. Apita kumene kuli ena, ndipo kumeneko minda, madzi ndi nchito zili ndi eni ake. Kusintha kwa nyengo pakokha sikuombera mfuti. Cimene kucita ndi kukulitsa ming'alu imene inalipo kale: umphawi, tsankho, boma lofooka. Khoma losweka ndilo liyamba kugwa mvula ikakula.

Nanga colakwa cili pati?

Tisathamangire kuweruza. Woyendetsa combo angatifunse kuti, "Ayisi wasungunuka kale. Ndikadzera njira yaifupi nditentha mafuta ocepa. Ndalakwanji?" Funso lake ndi labwino. Kupeza phindu pa nthawi ya tsoka si kulakwa nthawi zonse. Kalipentala wokhoma mabokosi a maliro adya cifukwa ca imfa, koma palibe amuda. Wokumba zitsime apeza nchito yambiri m'caka ca cilala, ndipo timuyamika. Tsono asiyana pati ndi munthu uja wootha moto?

Ine ndiona mafunso atatu amene angatithandize, ndipo inu muwayese ngati ali olimba.

Loyamba: kodi tsokalo munalicititsa nawo? Kalipentala sanaphe munthu. Koma maiko amene ali kulimbirana Arctic ndi omwewo amene anatulutsa utsi woculuka. America yatulutsa carbon dioxide yambiri kuposa dziko lina lililonse tikawerenga zaka zonse, ndipo China ndiyo itulutsa yambiri pa caka masiku ano. Africa yonse, ndi anthu ake oposa biliyoni imodzi, ifika pafupifupi 4 peresenti cabe ya utsi wa pa caka. Mau aja akuti "sindinayatse ndine" sagwira nchito pano.

Laciwiri: kodi phindu lanu licepetsa tsokalo kapena liliwonjezera? Citsime cicepetsa ludzu. Koma mafuta okumbidwa pamene ayisi wacoka akatenthedwa, asungunula ayisi wina. Uku sikulinso kuotha cabe. Ndi kusonkhezera nkhuni pa nyumba yoyaka.

Lacitatu, limene ndi lobisika koposa: kodi phindu lanu lakupangitsani kufuna kuti tsokalo lipitirire? Munthu akaika ndalama zake zonse pa doko limene ligwira nchito pokhapo ayisi atacoka, mtima wake uyamba kukondwera ndi caka cotentha. Sanena pakamwa, mwina sadziwa n'komwe, koma tsiku lokambirana zozima moto adzapeza zifukwa zocedwetsera. Ici ndico cinatinyansa mwa munthu wootha uja. Manja amene anatambasulira moto ndi omwewo amene akananyamula cidebe, ndipo malinga ali kumva kufunda, safuna motowo uzime msanga.

"Tikapanda kutenga ife, adzatenga adani athu"

Pali yankho lina lolimba kuposa la woyendetsa combo. Mtsogoleri wa dziko angati, "Nchito yanga ndi kuteteza anthu anga. Ndikasiya malo amenewa, mdani wanga adzaikapo mizinga." Tisamuseke, pakuti mantha ake si abodza, ndipo nkhondo ya ku Ukraine yaonetsa kuti malire a dziko angathe kuthyoledwa. Bvuto ndi lakuti mdani wakeyo anena mau omwewo. Aliyense awonjezera zida kuti agone tulo, ndipo mapeto ake onse awiri agona khutu lili kunja.

Ndiponso pali mdani amene mzinga sungamuombere. Mu 2024 maiko a dziko lapansi anaononga madola oposa 2,700 biliyoni pa za usilikali. Thumba lothandiza maiko osauka oonongedwa ndi kusintha kwa nyengo, limene anagwirizana ku Sharm el-Sheikh mu 2022, linalonjezedwa madola pafupifupi 700 miliyoni pa msonkhano wa ku Dubai mu 2023. Werengani nokha: ndalama zimenezo asilikali a dziko lonse azitha pa maola osakwana atatu. Mu December 2021, Niger ndi Ireland anapempha bungwe la citetezo la United Nations kuti livomereze kuti kusintha kwa nyengo kuopseza mtendere. Maiko 12 mwa 15 anavomera, koma Russia inatsekereza.

Kodi ndiye kuti maiko sangathe kudziletsa? Anadziletsapo. Mu 1959, pamene America ndi Soviet Union anali kulozana ndi mabomba a nyukiliya, maiko 12, kuphatikizapo awiriwo ndi South Africa, anasaina pangano lakuti ku Antarctica kusakhale misasa ya nkhondo kapena kuyesa zida. Mu 1991 ku Madrid anawonjezera lamulo loletsa migodi kumeneko. Mu 2010 Norway ndi Russia anathetsa pa tebulo mkangano wa malire a m'nyanja ya Barents umene unatha zaka 40. Mu 2018 maiko a ku Arctic pamodzi ndi China, Japan, South Korea ndi European Union anagwirizana kuti asayambe usodzi wamalonda pakati pa nyanja ya Arctic, ndipo ciletsoco cinayamba kugwira nchito mu 2021 kwa zaka 16. Anasiya nsomba zimene akanatha kugwira. Cotero ponena kuti "sitingacitire mwina", nthawi zambiri tanthauzo lake ndi lakuti "sitifuna".

Nanga ife a dziko lopanda nyanja?

Mwina mukuti Zambia ilibe gombe, ndipo ambirife ayisi tinamuona m'firiji cabe. Koma feteleza, mafuta ndi mankhwala athu zilowera m'madoko a anzathu, monga Dar es Salaam, Beira ndi Durban, ndipo kopa wathu atulukira komweko. Beira ndi mzinda wa pansi kwambiri. Mu March 2019 namondwe Idai anauphwanya ndi kudula mseu wocokera kudoko. Nyanja ikakwera, namondwe wotsatira apeza poyambira papafupi.

Kumbukiraninso za buledi. Mu 2010 ku Russia kunatentha koopsa, tirigu anapserera, ndipo boma lao linaletsa kugulitsa tirigu kunja. Mitengo inakwera pa dziko lonse. Mu September caka comweco, ku Maputo, anthu analowa m'miseu cifukwa ca kukwera mtengo kwa buledi, madzi ndi magetsi, ndipo anthu 13 anafa. Dzuwa linaomba ku Russia, maliro anagwa ku Mozambique. Ife sitifunika kuphunzitsidwa kuti mtengo wa cakudya ungagwedeze dziko. Funsani makolo anu za June 1990, pamene mtengo wa unga unakwera kawiri, Lusaka inawira, ndipo Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma. Zimenezo sizinadze ndi nyengo, koma zionetsa kufupika kwa njira yocoka pa mphika wopanda nsima kufika pa cipolowe.

Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza cilala kukhala tsoka la dziko. Cimanga ca mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinauma, madzi anatsika ku Kariba, ndipo malaiti anafika pozima maola 21 pa tsiku. Cilala cimeneco cinadza ndi El Niño, osati ndi ayisi wa ku Arctic, koma dziko likatentha nthaka iuma msanga ndipo cilala ciluma koposa.

Ndipo m'caka comweco funso lathu linafika pakhomo pathu. Tonse tinaona anthu amene anali ndi cimanga m'nkhokwe. Ena anagulitsa pa mtengo woyenera, ena anakongoza anansi ao. Koma enanso anatseka nkhokwe kudikira kuti njala ikule, kenaka anasinthanitsa mameda owerengeka ndi mbuzi ya mkazi wamasiye, kapena thumba limodzi ndi ng'ombe yolimira. Yesani munthu wotere ndi mafunso atatu aja. Cilala sanacicititse. Koma potseka nkhokwe anakulitsa njala, ndipo mumtima sanafune kuti mvula ya caka cotsatira ibwere msanga. N'capafupi kuloza cala Moscow ndi Washington. Mtima umene uzika mbendera pansi pa nyanja ndi womwewo umene ukweza mtengo wa meda, kungoti wina ali ndi zombo, wina ali ndi nkhokwe.

Makolo athu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mwambi umenewu suphunzitsa cifundo cokha, uphunzitsanso citetezo: munthu wotetezeka ndi amene anansi ake ali ndi cifukwa comuthamangira ndi madzi. Ngati muona ngati wacinyamata alibe mau pa nkhani zazikulu cotere, imvani izi. Mu 2019 ophunzira za malamulo a University of the South Pacific ku Vanuatu anayamba kukakamiza kuti nkhani ya nyengo ifike ku khoti lalikulu la dziko lonse ku The Hague. Boma la Vanuatu linawamvera, United Nations inavomera mu 2023, ndipo pa 23 July 2025 khotilo linanena kuti maiko ali ndi udindo wa lamulo woteteza nyengo, ndi kuti dziko lonyalanyaza lingafunsidwe kulipira oonongedwa. Mau a khotilo ndi uphungu, alibe apolisi owakakamiza. Komabe anayambira m'kalasi, pakati pa anthu a msinkhu wanu ndi wanga.

Ena mwa inu mudzakhala amalonda, ena asilikali, ena a m'migodi ya kopa amene dziko lonse lili kumufuna kaamba ka galimoto za magetsi. Tsiku lidzafika pamene tsoka la wina lidzakutsegulirani citseko ca phindu, ndipo palibe lamulo lidzakuletsani kulowa. Yankho la tsiku limenelo liyenera kukonzedwa tsopano, manja akali opanda kanthu.

Mafunso okambirana m'gulu lanu

1. Chulani nchito za kwanu zimene zipeza phindu pa nthawi ya tsoka. Ndi ziti zipambana mafunso atatu aja, ndipo ndi ziti zilephera?

2. Mukanakhala mtsogoleri wa Tuvalu, kodi mukanasaina pangano lija ndi Australia? Cifukwa ninji?

3. Anthu othawa cilala kapena cigumula atafika m'mudzi kapena m'komboni mwanu kudzapempha malo, kodi gulu lanu lingacite ciani sabata yoyamba?